Ndikamataipa pa laputopu mawu akumakalowa pa mzere wina: nditani?

Funso: "Ndimalemba malipoti ataliatali pa laputopu ya Windows. Ndikamataipa, mwadzidzidzi ndimangoona mawu akulowa pakati pa ndime ina ya pamwamba, ndipo nthawi zina chiganizo chonse chimafufutika osadziwa kuti chapita kuti. Mnzanga wina akuti ndi vairasi, wina akuti kiyibodi yatha. Kodi ndigule kiyibodi ina, kapena laputopu yonseyi basi yatopa?"

Musagule kaye kalikonse. Vuto mwafotokozali ndalionapo kambirimbiri, ndipo pa malaputopu ambiri amene anthu amandibweretsera ndi dandaulo limeneli, kiyibodi imakhala ili bwinobwino, vairasi palibe. Chimene chimachititsa ndi touchpad, kabwalo kosalala kali m'munsi mwa kiyibodi kaja, pamodzi ndi manja a mwini wake. Ndikudziwa kuti n'zopweteka kutaya ndime imene mwaivutikira, choncho ndiyambe ndi chimene chingakupulumutseni lero lomwe: mawu akangosowa, siyani kutaipa, dinani Ctrl ndi Z pamodzi. Mukadina kangapo motsatizana, chiganizo chofufutikacho chimabwerera. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti amapitiriza kulemba maso ali pa kiyibodi, n'kudzazindikira atapita patali.

Pa sikirini pali tinthu tiwiri timene anthu amangotitchula ndi dzina limodzi lakuti cursor. Pali kamuvi kamene kamayendayenda mukamasuntha mausi, ndiye pali kamzere koima kophethira kamene kamasonyeza pamene chilembo chotsatira chikagwere. Kamzereka sikasamuka kokha. Kamasamuka kakalamulidwa, ndipo zoti zikalamule kawirikawiri n'ziwiri: kudina kwa mausi kapena touchpad, ndi mabatani ena a pa kiyibodi monga a mivi aja, Home, End, Page Up ndi Page Down. Ndiye ikadzachitikanso, musapsere mtima kaye, yang'anani pamene kamuvi kaima. Mukapeza kuti mawu akalowa ndendende pamene pali kamuvi, ndiye kuti china chake chadina pamenepo. Mawu akathawira kumayambiriro kwa mzere, kumapeto kwake, kapena mzere umodzi pamwamba, kamuvi kali kwina, tiyang'ane kiyibodi.

Kuti mumvetse chifukwa chimene touchpad imadinira yokha, muyenera kudziwa mmene imagwirira ntchito. Siimva kulemera kwa chala ayi. Pansi pa pamwamba pake posalala paja pali timizere tambirimbiri ta chitsulo topingasana, timene timamva kusintha kwakung'ono kwa mphamvu ya magetsi khungu la munthu likayandikira. N'chifukwa chake mukaikhudza ndi pensulo siichita kanthu, koma dontho la madzi kapena thukuta limaisokoneza. Tsono mukamataipa, manofu a pansi pa chala chamanthu ndi m'mbali mwa chikhatho amakhala akulendewera pamwamba pa touchpad. Mukatambasula chala kuti mufikire T, Y kapena manambala a pamwamba, dzanja limatsika pang'ono n'kukhudza ngodya yake. Inu simumva n'komwe. Koma ngati laputopu inatcheredwa kuti kugogoda pang'ono kuzitengedwa ngati kudina, kukhudza kumeneko n'kokwanira kusamutsa kamzere kaja. Ndipo chikhatho chikagogoda kawiri msangamsanga n'kukhukhuluzika, chimasankha mawu onse amene chadutsamo. Chilembo choyamba chimene mungadine kenako chimalowa m'malo mwa onsewo. Apo ndi pamene ziganizo zanu zikupita. Malaputopu a masiku ano amabwera ndi touchpad yaikulu kuposa akale, ndipo pa ambiri siikhala pakati penipeni pa manja, choncho dzanja limodzi limaigonera kwambiri.

Musangokhulupirira mawu anga, yesani nokha. Zimitsani touchpad kwa theka la ola, lumikizani mausi ya waya ngati ilipo, mulembe monga mwa masiku onse. Pa Windows 11 dinani batani la Windows pamodzi ndi I, pitani pa Bluetooth & devices, kenako Touchpad, ndipo pamwamba pali pozimitsira. Pa Windows 10 njira yake ndi Devices kenako Touchpad. Malaputopu ambiri alinso ndi batani lachidule pa mzere wa pamwamba wa F1 mpaka F12, lojambulidwa kabwalo kodulidwa ndi mzere. Mumalidina lokha kapena pamodzi ndi Fn. Pa ma Acer ambiri ndi F7, pa ma Asus ambiri akale ndi F9, ndipo ma HP ena mumagogoda kawiri pa ngodya ya pamwamba chakumanzere kwa touchpad yeniyeniyo. Ngati palibe mausi, dulani kakatoni kokhuthala kofanana kukula ndi touchpad, kaikeni pamwamba pake, kamateni ndi selotepi m'mbali. Kudumpha kukasiyiratu, mwapeza gwero lake, ndipo kukonza kwake sikulira ndalama.

Pa tsamba lomwelo la Touchpad pali gawo lolembedwa Taps. M'menemo muli Touchpad sensitivity, yokhala ndi zosankha zinayi: Most sensitive, High sensitivity, Medium sensitivity ndi Low sensitivity. Dzina lake limasocheretsa, chifukwa anthu amaganiza kuti likunena za liwiro la kamuvi. Chimene limasintha kwenikweni ndi mmene kompyuta imanyalanyazira kukhudza kumene kwachitika mutangodina batani la pa kiyibodi. Mukaika pa Most sensitive, chitetezo chimenechi chimachokeratu. Anthu osewera magemu amaika pamenepo dala kuti azitha kusuntha kamuvi uku akudina mabatani, ndiye ngati laputopu yanu mumabwerekana ndi wina wokonda magemu, onani msanga pamenepo. Inu amene mumalemba malipoti ikani pa Low sensitivity.

Ine ndimapitirira pamenepo, ndipo ndi zimene ndikukulangizani. Chotsani chizindikiro pa Tap with a single finger to single-click, komanso pa Tap twice and drag to multi-select. Mukatero touchpad idzayamba kudina pokhapokha mwaikanikiza mpaka kumveka kuti "thi". Chikhatho chikhoza kumaikhudzabe, kamuvi n'kumasuntha pang'ono, koma kamzere kolembera kadzakhala pamene mwakasiya chifukwa palibe chadina. Masiku awiri oyamba mudzaona ngati zachilendo, chala chizigogoda mwachizolowezi osachitika kanthu. Pirirani, chimazolowera. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kulemba masamba ambiri, ndimaona kuti kusintha kumeneku n'kopambana zonse zimene ndingatchule pano. Ngati patebulo panu pamakhala mausi nthawi zonse, chotsaninso chizindikiro pa Leave touchpad on when a mouse is connected, kuti touchpad izizima yokha mausi ikangolumikizidwa n'kuyakanso mukaichotsa.

Chenjezo limodzi: mu Mouse Properties, zenera la Windows lotcherera mausi, muli pena polembedwa Hide pointer while typing, ndipo ambiri amalangizana kuti ndi mankhwala ake. Pamenepo pamangobisa kamuvi kuti kasaoneke mukamataipa. Touchpad imakhala ikumvabe, ikudinabe. Mwinanso n'kukusokonezani kwambiri chifukwa simuonanso pamene kamuvi kali.

Mwina mutsegula tsamba la Touchpad n'kupeza kuti zambiri zimene ndatchulazi palibe. Zikatero laputopu yanu ilibe mtundu umene Microsoft imautcha Precision Touchpad, umene unayamba ndi Windows 8.1 mu 2013, ndipo touchpad yanu ikuyendetsedwa ndi pulogalamu ya kampani imene inaipanga, kawirikawiri Synaptics, Elan kapena Alps. Dinani batani la Windows ndi R, lembani main.cpl, dinani Enter. Pa zenera la Mouse Properties limene litsegukelo, yang'anani tsamba lomaliza chakumanja, limene nthawi zambiri limakhala ndi dzina la kampaniyo. Pa Synaptics chitetezo cha chikhatho chimatchedwa PalmCheck kapena SmartSense. Kokerani kachizindikiro kake chakumapeto kuti chikhale champhamvu. Pozimitsira kugogoda, Tapping, pamapezekanso momwemo.

Tsamba la kampanilo likasowanso, nkhani yafika pa driver, kapulogalamu kamene kamalumikizitsa Windows ndi touchpad. Zimenezi ndimaziona kwambiri pa malaputopu amene anaikidwa Windows mwatsopano. Woikayo akaona kuti kamuvi kakuyenda amati zatheka, osadziwa kuti Windows yangoika driver wamba amene akutenga touchpad ngati mausi wamba. Mausi wamba sadziwa kusiyanitsa chala ndi chikhatho, ndiye chilichonse chokhudza chimawerengedwa. Dinani batani la Windows ndi X, sankhani Device Manager, tsegulani Mice and other pointing devices ndi Human Interface Devices. Mukangopeza PS/2 Compatible Mouse yokha, popanda dzina la Synaptics kapena Elan kapena mzere wolembedwa HID-compliant touch pad, pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo, lembani nambala ya mtundu wake imene ili pa chomata cha pansi, mutenge driver wa touchpad wa mtundu umenewo. Mapulogalamu a pa intaneti olonjeza kukonza ma driver onse pakamodzi muwapewe. Amabweretsa mavuto ambiri kuposa amene amachotsa. Ngati vutoli linayamba tsiku limene Windows inadzikonza yokha (update), njira yake ndi yobwerera m'mbuyo: dinani kawiri pa dzina la touchpad mu Device Manager, pitani pa Driver, sankhani Roll Back Driver.

Mwanena kuti yanu ndi ya Windows, koma kwa ena owerenga: pa Mac pitani pa System Settings, Trackpad, muzimitse Tap to click. Pa Linux, ma desktop ambiri ali ndi posankha kuti touchpad izizima mukamataipa, ndi pozimitsira kugogoda, pa gawo la mausi ndi touchpad.

Tsopano pali chinthu chimene ndikufuna muchite ngakhale zonse za pamwambazi zitathandiza. Ikani laputopu pa tebulo losalala, weramani muiyang'ane cham'mbali. Kodi touchpad yatukuka mbali imodzi kuposa chikombole chake? Kodi yalimba kudina kusiyana ndi kale? Kodi laputopu ikugwedera patebulo, kapena chivundikiro cha pansi chayamba kukanuka, kapena siikutsekeka bwino? Pa malaputopu ambiri opyapyala batire limakhala pansi penipeni pa touchpad. Batire la lithiamu likakalamba kapena likamatenthedwa kwambiri limatulutsa mpweya m'kati mwake n'kufufuma, ndipo limakankha touchpad kuchokera pansi mpaka kumadina yokha. Mukaona zizindikiro zimenezi, nkhani ya kamzere kodumpha yachepa. Batire lofufuma likhoza kuyaka moto. Sungani ntchito yanu, zimitsani laputopu, chotsani chaja, ndipo musaichajenso mpaka batire litasinthidwa. Musaikanikize kuti ibwerere m'malo mwake, musaboole batirelo, musalitaye pamoto kapena m'zinyalala wamba. Apa ndiye pofunika munthu wodziwa ntchito yake. Nthawi zambiri batire likangosinthidwa touchpad imakhala pansi n'kuyambiranso kugwira bwino.

China chimene anthu sachiganizira ndi chaja. Popeza touchpad imagwira ntchito pomva kusintha kwakung'ono kwa magetsi, chaja yosalongosoka kapena yotha imatha kulowetsa phokoso la magetsi m'laputopu, kamuvi n'kuyamba kunjenjemera kapena kudumpha. Kuyesa kwake n'kophweka. Zulani chaja, lembani pa batire kwa kanthawi. Vuto likatha n'kubwerera mukangolumikizanso, yesani soketi ina, makamaka yokhala ndi waya wa earth, kapena bwerekani chaja yeniyeni ya mtundu wa laputopu yanuyo muone. Ena amaonanso kuti akagwira chitsulo cha laputopu ndi dzanja linalo kamuvi kamadekha. Chimenechi n'chizindikiro chakuti vuto lili ku magetsi olowa. Ngati mumamva kunyerenyetsa m'manja mukakhudza laputopu ili pa chaja, chaja imeneyo ndi soketi yake zionedwe msanga.

Ukhondo nawo uli ndi mbali yake, ngakhale yaing'ono. Mafuta odzola, thukuta ndi chinyezi zimasiya kansalu pamwamba pa touchpad kamene kamaipangitsa kumva zala zimene palibe. Zimitsani laputopu, ipukuteni ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono chabe, idikireni iume. Musathire madzi kapena mankhwala aliwonse mwachindunji, chifukwa amalowera m'mbali.

Nanga mutazimitsa touchpad kudumpha n'kumapitirira? Funsani kaye ngati palibe chinthu china chimene chikulamula kamuvi. Ndinapezapo laputopu imene inavutitsa mwini wake kwa masabata: kachipangizo ka mausi yopanda waya kanali kobayidwabe m'mbali, mausi yake ili m'chikwama yosazimitsa, ikudinika ndi mabuku. Zulani chilichonse chimene chili pa USB, zimitsani Bluetooth. Ngati laputopu yanu ili ndi sikirini yogwira ndi chala, sikiriniyo ikang'aluka kapena ikada imatha kumadzidina yokha; mu Device Manager, pansi pa Human Interface Devices, pezani HID-compliant touch screen, muizimitse kwa kanthawi ndi Disable device. Ma ThinkPad ndi malaputopu ena a mu ofesi ali ndi kabatani kofiira kapena kabuluu pakati pa G, H ndi B, komanso mabatani odinira pansi penipeni pa batani lalitali losiyira mpata. Chala chikamapita pa B kapena H chimakankha kabatanika, chala chamanthu n'kugunda batani lodinira. Ngati simukagwiritsa ntchito, kazimitseni. Pa makina ambiri pozimitsira pake pali mu Mouse Properties kapena mu BIOS, tsamba lotcherera makina limene mumalowamo poyatsa laputopu Windows isanatseguke.

Zonsezi zikapanda kuthandiza, mnzanu wa kiyibodi uja akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma ngakhale pamenepo muyambe ndi zala. Pa makiyibodi opanikizana, muvi woloza m'mwamba umakhala pafupi kwambiri ndi Shift wa kumanja, ndiye mukafuna kulemba chilembo chachikulu mumakwera mzere umodzi osadziwa. Home amakonda kukhala pafupi ndi Backspace, Page Up ndi Page Down pafupi ndi mivi. Ngati laputopu ili ndi mabatani a manambala kumanja, onani Num Lock. Ikakhala yozima, 7 amasanduka Home, 1 amasanduka End, 9 ndi 3 amakhala Page Up ndi Page Down, ndipo 2, 4, 6 ndi 8 amakhala mivi. Munthu wolemba malipoti okhala ndi ziwerengero amangoti akalembe nambala, kamzere kathawa. Ctrl nayenso ali pafupi ndi Shift wa kumanzere: mukafuna A wamkulu n'kuphonya, Ctrl ndi A amasankha chikalata chonse, chilembo chotsatira n'kufufuta zonse. Ctrl ndi Z amabwezanso zimenezi.

Kiyibodi yowonongekadi imadziwika. Tsegulani Notepad, kapulogalamu kolembera kamene kamabwera ndi Windows, lembani mizere ingapo, chotsani manja onse pa laputopu, muyang'ane. Kamzere kakamayenda kokha, pali batani limene lamatirira kapena lalowa madzi. Dinani mabatani a mivi, Home, End, Page Up ndi Page Down limodzilimodzi, mumve ngati lina silikubwerera bwino kapena likumveka mosiyana ndi anzake. Tizinyenyeswa ta pansi pa batani timachoka mukapendeketsa laputopu yozima n'kuigogoda pang'onopang'ono, kapena ndi kaburashi kofewa. Ngati munatayirapo chakumwa, ngakhale kalekale, muuzeni wokonza, chifukwa dzimbiri la m'kati limatenga nthawi kuti lionekere. Mukamayesa ndi kiyibodi ya USB kumbukirani kuti ya pa laputopuyo imakhala ikugwirabe ntchito, ndiye batani lomatirira lipitiriza kusokoneza ngakhale simukuikhudza.

Notepad yomweyo ikuthandizaninso kudziwa ngati vuto lili m'pulogalamu imodzi yokha. Ngati mmenemo zonse zili bwino koma kudumpha kumachitika mu chikalata cha pa intaneti chimene mukulembera limodzi ndi anzanu, kapena pa tsamba limodzi lokha, laputopu ilibe mlandu.

Za vairasi, sindikunena kuti n'zosatheka, koma sizioneka chonchi. Munthu akalowa m'kompyuta yanu ali kutali, kamuvi kamayenda mwanzeru ngati pali dzanja: kamatsegula mafayilo, kamadina pamalo oyenera, ndipo zimachitika ngakhale simukutaipa. Mukaona zotere zimitsani intaneti nthawi yomweyo. Kudumpha kumene kumangobwera manja anu akakhala pa kiyibodi kukuloza ku touchpad kapena mabatani. Kuyendetsa Full scan mu Windows Security sikulakwika ngati kungakukhazikeni mtima pansi.

Kakhalidwe kanu polemba kaonedwenso. Tebulo likatalika kwambiri poyerekeza ndi mpando, kapena laputopu ikakhala pamiyendo, manja amagonera pa laputopu ndipo zikhatho zimafika pa touchpad. Kwezani mpando kuti zigongono zikhale molingana ndi kiyibodi, manja aziyandama pang'ono m'malo motsamira. Zimathandizanso kupweteka kwa mfundo za manja kumene olemba ambiri amadandaula nako.

Mukapeza kuti kamuvi kakuyenda kokha manja muli mutachotsa, chaja yozula, touchpad youma, batire losafufuma, driver woyenera, ndiye kuti touchpad yeniyeniyo kapena kalamba kopyapyala kamene kamailumikiza ku bodi yaikulu kali ndi vuto. Kalambaka nthawi zina kamangokhwepa, makamaka laputopu ikagwapo kapena ikatsegulidwapo, ndipo wokonza amangokabwezeretsa m'malo mwake. Pa malaputopu ambiri touchpad imasinthidwa payokha, pa ena imabwera pamodzi ndi chivundikiro chonse cha pamwamba. Mukhozanso kungoizimitsa mpaka kalekale n'kumagwiritsa ntchito mausi. Laputopu idzakutumikiranibe bwino. Mukasankha kupita nayo kwa wokonza, koperani kaye malipoti anu pa fulashi, ndipo mukamufotokozere zimene mwayesa kale: kuti mutazimitsa touchpad zinatani, mutazula chaja zinatani, ndiponso ngati kamzere kamayenda kokha mu Notepad manja muli mutachotsa.